Minibasi ya Lachitatu ku Rutland

Tinanyamuka kwathu ku Beaumont Leys, kumphepete kwa mzinda wa Leicester, cha m'ma eyiti koloko m'mawa, Lachitatu lina mu Okutobala 2018, ine ndi amuna anga, abambo a Yamikani. Ulendo unali wokatenga Tadala, mwana wa malemu mkulu wanga. Mwamuna wake ndi msilikali, ndipo anali atamutumiza kunja kwa miyezi ingapo. Achimwene aku Ntcheu atamva anaimba foni. Iwowo safunsa ayi, amangolamula: "Mwana ali yekhayekha m'kampu ya asilikali ndi khanda. Kamutengeni azikhala kwanu." Ine ndinasangalala kwabasi. Ndinakonza chipinda cham'mwamba, mpaka kugula makatani atsopano. Tadala sitinamuuze kuti tikubwera. Kwa mwana wako suchita kudziwitsiratu ayi, umangotulukira.

Basi yolowa m'tauni ya Leicester inatidya mapaundi awiri ndi theka aliyense. Abambo a Yamikani anali atangoweruka naiti, ntchito ya usiku, kunyumba yosamalira okalamba, ndiye tulo tinawapeza tisanadutse ngakhale malo ogulitsira mafuta. Anali atavala jekete yawo ya madonthomadontho, yonga ya asilikali, imene anagula pamsika. Amaikonda kuposa ine, ndikunenetsa.

Sitima ya ku Oakham, tauni ya ku Rutland yomwe ili kufupi ndi kampuyo, inanyamuka itangokwana teni, tikiti yopita ndi kubwerera mapaundi khumi ndi imodzi. Titadutsa Melton Mowbray nyumba zinatha, kunangotsala minda ndi nkhosa mbwee. Abambo anatsegula diso limodzi. "Nkhosa zonsezi popanda m'busa? Kwathu sizikanaona mawa." Anatsekanso diso.

Ku Oakham linali tsiku la msika, koma basi yopita kumudzi woyandikana ndi kampu sitinaione pena paliponse. Takisi akuti mapaundi makumi awiri. Ndinati bola tidye kaye, mutu uganize bwino. Tinagula payi wa nyama ya nkhumba wotchuka kuderali, ndipo nditapempha wogulitsayo kuti atitenthetsere, anandiyang'ana ngati ndatukwana amayi ake.

"Ameneyu amadyedwa wozizira, mayi."

"Ngakhale kuzizire chonchi?"

"Makamaka kukazizira."

Tinadya, tinalibe kuchitira mwina. Koma munthuyo anali wabwino mtima. Atamva kumene tinkapita anati basi yakale anaichotsa chifukwa sinkadzaza, ndiye khonsolo ndi asilikali anasonkherana kugula minibasi. Khonsolo imathira mafuta, amakaniki a kukampu amaikonza, oyendetsa ndi anthu ongodzipereka. "Pitani kuseri kwa tchalitchi, muiona yoyera. Imanyamuka thwelofu."

Tinaipeza. Agogo achizungu anali pamzere ndi zikwama zawo zamatayala, ndipo dalaivala, wovala chovala chachikasu chowala, anali atawerama kukweza katundu. Atadzuka ndi kutembenuka, ndinaona nkhope yoidziwa.

"Amayi!"

"Iwe Tadala! Ukutani pano?"

"Ndili pa ntchito, Amayi. Takulandirani. Kwerani, tichedwa."

Mayo ine! Mwana amene ndinkamuganizira atakhala pakona akulira, ndi uyu akuzunguza makiyi pa chala. Abambo a Yamikani tulo tonse balala. Anaima pakhomo la minibasi n'kuyamba ukondakitala: "Anayi anayi! Sunthani agogo, malo alipo!" Tadala anaseka mpaka kugwira pamimba. "Abambo, kuno aliyense mpando wake ndi lamba wake." Tinaponya mapaundi awiri awiri m'kachitini n'kukhala pansi mwaulemu.

Msewu wake ndi wopapatiza, wa mipanda ya zitsamba uku ndi uku, koma mwanayo ankaudziwa ngati njira yopita kuchigayo. Ndinakhala ndi gogo wina, dzina lake Margaret, amene sanadikire kuti ndimufunse kanthu. Anati amuna ake atamwalira anatha miyezi osafika m'tauni, chifukwa iye sayendetsa galimoto. Tsopano Lachitatu lililonse Tadala amamutenga pakhomo, kumusiya kuchipatala kukapimitsa shuga, kenako kumsika. Anati ngakhale sukulu ya m'mudzimo inatsala pang'ono kutsekedwa posowa ana, koma ana a asilikali ndi amene anaidzaza.

"Mwabwera kudzacheza?" anandifunsa.

"Ee, kudzacheza," ndinayankha.

Tadala anatsitsa aliyense pakhomo pake, kunyamulira katundu mpaka m'khitchini. Cha m'ma wani koloko tinaima pa holo ya m'mudzi. Panja asilikali atatu anali pamakwerero kupenta mawindo. M'kati munali phokoso la ana, azimayi a kukampu ndi a m'mudzi atasakanikirana, ndipo khanda lathu, Chikondi, limene Tadala amalisiya pamenepo akamayendetsa minibasi, linali pamiyendo ya bambo wina wa imvi amene ankaliimbira nyimbo yopanda mutu. Ndinalilanda mwachangu, kutulutsa chitenje m'chikwama, n'kulibereka. Azimayi anandizungulira. Wina ankaika manja pansi kuopa kuti ligwa, wina anati ndimuphunzitse. Ndinaphunzitsa anthu atatu pogwiritsa ntchito chidole, ndipo chidolecho chinagwa kawiri.

Tikuyandikira geti la kampu, abambo a Yamikani anangoti kakasi. "Jekete!" Kwathu ukavala zoterezi pafupi ndi asilikali, amakudumphitsa ngati chule, n'kubwerera kwanu wopanda malaya. Anaivula msangamsanga, kuitembenuza, n'kuivalanso, kachikwangwani ka mtengo wa pamsika kali lende pakhosi. Msilikali wa pageti anati alendo amayenera kulembetsedwa pasadakhale, ndiye tidikire aimbe foni. Tinadikira ndithu, ine ndikudzitukwana chamumtima. Potipatsa ziphaso anayang'ana abambo.

"Bwana, jekete mwavala chotembenuza."

"Ndi fashoni ya kwathu," anatero abambo, nkhope ili gwa.

"Yabwino," anatero msilikaliyo, akulimbana ndi phwete.

Kunyumba kwa Tadala, titamwa tiyi, ndinapereka uthenga wa amalume ake monga ndinaulandirira. Ndinawonjezera za chipinda ndi makatani. Anamvetsera osandidula. Kenako anatsika pampando n'kugwada pakapeti, monga amayi ake anamulerera.

"Amayi, ndathokoza. Sindikukana kuti kumakhala kovuta. Foni ikalira ndimayamba ndanjenjemera. Koma ndikanjenjemera, pakhomo lotsatira pali mkazi amene mwamuna wake ali komweko ndi wanga, safuna kuti ndimufotokozere. Ndipo ndikachoka, Lachitatu palibe dalaivala. Amalume muwauze kuti sindikuchita mwano."

Ndinati ndiyankhe, koma anapitiriza, mawu ali pansipansi.

"Ndifunse nawo, Amayi. Yamikani anapita ku Manchester. Inu mumagwira masana, abambo usiku, mumangopatsana moni pakhomo. Kodi amene ali yekha ndine?"

Abambo a Yamikani anayang'ana m'kapu. Ine misozi inangotsika yokha, osaitanidwa. Mwanayo ananena zoona, ndipo zinandipweteka. Chipinda chija sindinakonzere iye yekha ayi. Ndinkafuna phokoso m'nyumba mwanga.

Faifi koloko anatiperekeza ku Oakham pa galimoto yake, Chikondi akugona kumbuyo. M'sitima abambo sanagone. Titadutsa Melton Mowbray anati, "Mawa ndikalankhula ndi manejala. Manaitiwa andikwana." Ndinangowakonzera kolala ya jekete, imene inali ikadali chotembenuza.

Ndinaphunzira kuti kumeneko kampu ndi mudzi anasiya kuyang'anizana pa mpanda. Wina anapereka holo, wina ana, wina mafuta, ndipo mwana wathu anapereka Lachitatu lake. Titafika ku Leicester ndinaimbira achimwene.

"Mwamutenga?"

"Ayi, achimwene. Tamusiya."

"Mwamusiya ndi ndani?"

"Ndi mudzi wonse. Koma Lachitatu likubwerali ndikupitanso. Akuti pa holo akusowa munthu wobereka ana."