Kabokosi ka Pamtengo wa Magetsi

Ndinanyamuka ku Chinsapo Lachitatu m'mawa, nyama ya mbuzi mufiriji ya butchala yanga itayamba kamfungo. Magetsi anali atazima chigwereni mvula ya Lamlungu. Mayi akunyumba anati, "Abambo a Chiko, musakatukwane anthu kumeneko." Sindinalonjeze.

Minibasi ya ku Depoti inatidya 1,500 kwacha, anayi pampando wa atatu.

"Sunthani, madala," anatero kondakitala.

"Ndisunthire kuti? Pamutu pako?"

Ku Depoti ndinagula chimanga chootcha, n'kukwera kabaza wa njinga yamoto mpaka ku ofesi ya magetsi. Mnyamatayo ankayendetsa ngati ali ndi moyo wina kunyumba.

Ku ofesi ndinafikira kukalipa. Mayi wina wa zaumisiri anandisiya mpaka mpweya unandithera, kenako ananditembenuzira kompyuta yodzaza mizeremizere.

"Bambo, pulogalamu iyi imalankhulana ndi maswichi a pamawaya. Kwina kukazima timaona pano, n'kuyatsa tili pampando. Koma swichi ya kwanu sikuyankha. Pamtengo wa swichiyo pali kabokosi ka mlongoti kotumiza uthenga. Kanasiya kulankhula mwezi watha."

Kabokosiko ndinkakadziwa. Mphekesera inamveka kwathu kuti ndi kamene amatizimitsira magetsi, ndiye achitetezo a m'mudzi anakatsitsa, anthu akuomba m'manja.

"Tsopano anthu athu akafufuze wapansi, mtengo ndi mtengo," anatero mayiwo. "Sizalero."

Ndinathokoza, chinthu chimene sindinachikonzekere ponyamuka.

Pobwerera sindinakangane ndi kondakitala aliyense. Nditatsika ndinalunjika kwa a Gama, wapampando wa achitetezo aja. Kabokosiko ndinakapeza kuseri kwa nyumba, zam'kati atachotsa, thadzi likufungatiramo mazira.

"A Gama, mwatipha ndinu."

"Iii achimwene, mukunena chiyani? Chichotsereni kachinthuka, anatizimitsirapo mwadala amagetsi aja?"

"Nanga atiyatsire bwanji?"

Anayang'ana thadzi lija ngati lingawayankhire.

"Dikirani liswe kaye," anatero.

Zimene ndinawayankha sindilemba, chifukwa mayi akunyumba amawerenga. Nyama ija inadyedwa ndi agalu madzulo omwewo. Chimene ndinatola paulendowu n'chakuti waya wotizimitsira ndi womwewo wotiyatsira, ndipo tinaudula tokha, tikuomba m'manja.