Maliro a bambo anga analibe nyimbo

Chaka chimene matalala anaswa fodya wathu yense, ndinawauza bambo kuti basi, ine ndatopa, ndikupita ku Halale. Anali akutola timasamba tong'ambika m'munda. Sanaweramuke n'komwe. Anangoti, "Pita, koma kumeneko uzikapemphera."

Ndinaseka chamumtima, poti eni mawuwo sanali a mumpingo. Anali ndi akazi awiri: amayi anga, Naphiri, ndi mayi aang'ono, Nambewe, amene sanaone mwana ndi mmodzi yemwe. Chifukwa cha mitalayo, mpingo wa kwathu ku Dzoole unakana kuwabatiza bambo. Komabe Lamulungu lililonse ankapita, n'kukhala pa benchi yakumbuyo pafupi ndi chitseko, ndipo ikafika nthawi ya mgonero ankatuluka mwakachetechete. Kwathu munthu wotere akamwalira, mpingo sumuimbira. Agule nawonso sakanawavinira, sanali awo. Nkhani imeneyi inkandidya mumtima chiyambire ubwana wanga.

Ku Halale ndinazunzika, osanama. Ndinalima m'mapulazi, ndinagona m'makhonde, mpaka ndinapeza ntchito yophika kwa mzungu wina wokalamba wa ku Amereka, mphunzitsi wa Baibulo. Anandipatsa kachipinda kuseri kwa nyumba, kongokwana mkeka ndi sutikesi. Masiku a ntchito zinkakhalako bwino, koma Lamulungu masana, aaa! Umangokhala phee, kumamva ana a anthu ena akusewera m'chinenero cha eni. Kangachepe ndinkatumiza ndi anthu opita kumudzi. Makalata ankabwera mwa apo ndi apo, moni wokhawokha, poti masiku amenewo munthu sunkalemba zambiri, sudziwa atsegule ndani.

M'chipinda chowerengeramo cha abwana munali chithunzi cha munthu wowonda, wandevu, maso achisoni ngati wagona ndi njala. Tsiku lina ndikupukuta fumbi ndinafunsa, "Bwana, awa ndi agogo anu?"

Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anandifotokozera m'Chinyanja chawo chopotoka chija kuti munthuyo anali mtsogoleri wa dziko lawo kalekale, nthawi imene ankaphana okhaokha pa nkhani ya ukapolo. Akuti Baibulo ankalidziwa kuposa abusa ambiri, ndipo nkhondo ikathina ankapemphera. Koma moyo wake wonse sanalowe mpingo uliwonse.

Ndinaika kansanza pansi. "Nanga atamwalira anamuimbira?"

"Dziko lonse," anatero abwana, "abusa ali patsogolo."

Lero ndakalamba, zambiri za ku Halale ndinaiwala, ngakhale dzina la msewu umene ndinkakhala. Koma tsiku limenelo ayi. Kuyambira pamenepo fumbi la pachithunzicho ndinkalipukuta mwaulemu, ngati ndikupukuta nkhope ya bambo anga. Mumtima ndinkati, dikirani, akulu a mpingo aja ndidzawauza zimenezi, tione chimene adzayankhe.

Zaka zinapita. Uthenga unandipeza wakuti bambo ali kayakaya. Ndinatsika basi pa Madisi, n'kuyenda wapansi sutikesi ili pamutu. Ndisanalowe m'mudzi ndinamva kulira. Ndinali nditachedwa.

Sindinapume. Ndinapita kumene kunakhala azibambo, ndinawatengera pambali a Chimphepo, mkulu wa mpingo, n'kuwakhuthulira nkhani yonse ya mtsogoleri wa ku Amereka. Ndinalankhula ndi ukali, mawu akukwera.

Anandigwira mkono. "Tsitsani mawu, achimwene. Mwaiwala kumene muli? Muno mtsogoleri ndi mmodzi. Mukamatamanda wina pamaliro, anyamata achipani aja n'kumva, tonse tikagona kwina." Anayang'ana uku ndi uku, kenako anati, "Ndiponso ife sitinawataye bambo anu. Atayamba kudwala tinabwera. Tinati Nambewe abwerere kwawo, ife tiwabatize popanda kuchedwa. Kafunseni mayi anu amene anakana."

Amayi ndinawapeza kuseri kwa nyumba ya siwa, atatambalala, maso atatupa. Iwowa ndiwo anali Mkhristu wa mgonero pabanja pathu, ndipo pamaliro aliwonse m'mudzi ndiwo ankayambitsa nyimbo.

"Amayi, zimene ndamvazi n'zoona?"

"N'zoona. Bambo ako anali atafooka, anatsala pang'ono kuvomera. Ndinakana ndine."

"Inu? Chifukwa cha mkazi mnzanu yemwe munkakangana naye tsiku ndi tsiku?"

"Tinkakangana, inde, ndipo tizikanganabe. Koma kwawoko n'kuti? Kwatsala manda okhaokha. Munthu wachita imvi pakhomo pano, anakubereka iwe kumsana ine ndikudwala. Timupitikitse kuti bambo ako aimbiridwe? Nyimbo zimenezo ine ndikanaziimba ndi pakamwa pati?"

Ndinachita manyazi, ndinalira ngati mwana. Ine ndinasenza mtsogoleri wa kutsidya kwa nyanja mtunda wonsewo kuti adzawalankhulire bambo, osadziwa kuti mlanduwo anthu a pakhomo anali ataugamula kale, akudziwa bwino lomwe chimene akutaya.

Bambo tinawanyamula dzuwa litapendeka. Kulira kunalipo, koma nyimbo ayi. Anthu a mpingo anabwera ambiri, akuyenda chozolika. Pakati pa njira ndinawaona amayi atatsegula pakamwa, nyimbo itafika kale pakhosi. Anaimeza. Anagwira dzanja la Nambewe, n'kuyenda naye mpaka kumanda.