Suti ya Alamu Anga a Shigeru

Kuno ku Akita mwezi wa Okutobala ukafika, ife oyendetsa mabasi timasiya kufunsana za mpunga wa m'minda n'kuyamba kufunsana za m'chiuno. Ndi mwezi umene kampani imatiitanira madokotala, ndipo mwamuna amene tepi yamuzungulira pamchombo n'kufika masentimita 85 amalembedwa dzina kuti ndi wonenepa. Langa linalembedwa kalekale. Ndili ndi 97, ndipo manyazi anandithera tsiku limene batani la yunifolomu linathothoka n'kukagunda galasi la basi.

Alamu anga a Kagaya Shigeru, amuna awo a achemwali anga a Fumie, manyazi anali nawo ochuluka. Anayendetsa basi ya njira ya kumapiri zaka 34 osaswa ngakhale nyale imodzi. Magolovesi awo oyera ankachapa okha, ndipo ankaweramira gogo aliyense wokwera. Koma pa fomu imene timadzaza tisanapimidwe pali funso limodzi limene linkawadya moyo: kodi thupi lanu lawonjezera makilogalamu khumi kapena kuposa kuchokera pamene munali ndi zaka makumi awiri? Pa msinkhu umenewo iwo ankalemera 58. Tsopano sikelo inkati 74. Chaka chilichonse ankachonga "inde" nkhope ili pansi, ngati akuvomera mlandu wakuba.

Chaka chokwanitsa zaka 60 chitayandikira, anatiuza kuti pa phwando lawo sadzavala kajekete kofiira kamene timaveka aliyense wofika msinkhu umenewo. Adzavala suti imene malemu bambo awo anawagulira pa mwambo wokwanitsa zaka makumi awiri. Inali ikadali m'kabati, ikununkha mankhwala a njenjete.

"Alamu, m'menemo mulowa mwendo umodzi basi," ndinatero. "Winawo mudzausiya pakhomo?"

"Iwe Noboru ndiye khala chete," anandiyankha. "Basi yako imatha matayala mbali ya dalaivala yokha."

Anasiya mpunga. Munthu wa ku Akita kusiya mpunga! Mimba ikalira ankaithira msuzi wa miso, uja wa soya wamchere, mbale zinayi pa tsiku, n'kumatafuna gakko, muzu wathu woyera uja wa daikoni wofukiza pa utsi n'kusungidwa mumchere. Ankati mulibe mafuta. Zoona mulibe mafuta, koma mchere wake ndi woti ukadya tizidutswa titatu umafuna madzi ketulo yonse. Miyezi isanu ndi umodzi itatha sikelo inati 60. Khosi linatalika, makutu anaoneka aakulu, ndipo lamba anamuboola mabowo ena atatu. Abwana anawaimika kutsogolo pa msonkhano wa m'mawa kuti tonse titengerepo chitsanzo. Tinawomba m'manja, ndipo maso onse anali pa chimimba changa.

Amene sanawombe nawo ndi achemwali anga. Tsiku lina anandikokera kukhitchini n'kunditsegulira dirowa. Munali mapiritsi a kuthamanga kwa magazi a miyezi inayi, osatsegula. Atawafunsa, alamu anati dokotala anawauzapo kuti matendawo amabwera ndi mimba, ndiye poti mimba yapita, mapiritsi ndi a anthu onenepa. Achemwali anandipempha ndiwalankhule, poti ine ankandimvera pang'ono. Ndinaseka. Ndinawauza kuti asiye kudzivutitsa, munthu woonda ngati ndodo sitiroko ingamugwire pati? Ndinanena ine mawu amenewo, ndi pakamwa panga pano. Ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti m'banja mwathu wodzagwa ndi ine.

Tsiku lopimidwa alamu anachonga "ayi" n'kuyendayenda ndi fomu ija kutionetsa tonse. Tepi inati 79. Makina opima kuthamanga kwa magazi okha ndiwo anakana kugwirizana nawo. Anachita zimene tonsefe timachita: kupuma mozama, kunamizira kuzizira, kupempha anamwino abwereze. Atabwereza kachitatu nambala inatsika pang'ono, komabe anawapatsa kapepala koti akaonane ndi dokotala mwezi usanathe. Anakapinda bwinobwino n'kukaika m'thumba la jekete, ndipo kanathera momwemo.

Phwando linali Lamlungu masana, m'chipinda chapamwamba pa nyumba ina yodyera. Tinalipo anthu makumi awiri, titakhala pamphasa. Alamu atalowa tonse tinakuwa. Suti inawakwana, batani linatseka, ndipo anazungulira kawiri kuti tione ndi kumbuyo komwe. Sindinawaonepo ali osangalala choncho.

Anaimirira kuti athokoze, kapu ya mowa wa mpunga ili kumanja. Ananena kuti ayenda ulendo wautali, kenako mawu anayamba kukokeka. Kapu inagwa. Mlomo unapindikira mbali imodzi, ndipo anakhala pansi mwa phii.

Tinaseka. Ndikunena zoona, chipinda chonse chinaseka, ndipo woyamba ndinali ine.

"Kapu imodzi yokha, alamu?" ndinafuula. "Mwaonda mpaka mutu!"

Tinachita zimene timachitira aliyense woledzera pa phwando. Tinawakokera pakona, kuwaikira khushoni kumutu, kuwafunditsa jekete langa kuti asachite manyazi, ifeyo n'kupitiriza kudya. Wina anayambitsa nyimbo. Achemwali nthawi imeneyi anali pansi, akukambirana ndi ophika za keke. Atakwera anayang'ana pamphasa ponyowa, anayang'ananso botolo, n'kufunsa ngati amuna awo anamwako n'komwe. Alamu anali asanalaweko ngakhale dontho, mowa wonse unali pamphasa. Achemwali anawanyamula dzanja lamanja, atalisiya linagwa ngati nsanza yonyowa. Panali patatha mphindi makumi anayi.

A ambulansi anadula suti ija ndi sizasi, kuyambira kumkono mpaka kukhosi. Ndinaima chilili ndikumva nsaluyo ikung'ambika.

Dokotala anatiuza kuti mtsempha unaphulika m'mutu. Anafunsa za mapiritsi, achemwali anayankha. Anafunsa nthawi imene zinayamba, ndipo apo onse anatembenukira kwa ine. Ndinayesa kunena kuti koma munthuyu anaonda, anapambana tepi. Dokotala anandiyang'ana motopa n'kunena kuti oonda amawalandira ambiri, ndipo tepi imayeza mimba, siyeza za m'mitsempha.

Alamu anapulumuka, koma mbali yamanja inafa, ndipo mawu awatsalira ochepa. Magolovesi oyera ali m'dirowa lomwe lija. Basi ya kumapiri ndimayendetsa ndine, ndipo agogo amandifunsabe kuti a dalaivala aulemu aja abwera liti.

Chaka chino fomu yopimira inawapeza kunyumba, yochokera ku khonsolo. Ndinalipo. Achemwali ankawerenga mafunso mokweza n'kumachonga okha, alamu ali pa njinga yawo ya olumala pafupi ndi zenera, akuyang'ana panja. Tsopano amalemera 53. Atafika pa funso la makilogalamu khumi lija, achemwali anafuna kulidumpha, koma alamu anali atamva. Anatembenuka, anatulutsa mawu osamveka, n'kutambasula dzanja lamanzere kufuna cholembera.

Ndinawagwirira pepala. Cholembera chinkaterereka, mzere unatuluka m'kabokosi n'kudutsa mafunso awiri apansi, koma anachonga "ayi" okha. Kenako anandiyang'ana, theka la nkhope likumwetulira, kudikira kuti ndiwaseke monga kale. Sindinawaseke; ndinangotenga cholembera m'dzanja lawo n'kupereka fomu ija kwa achemwali.