Nachesi Loyamba la Tamanda

Mwezi wa Juni ukafika ku Nsambe, chiperoni chimatsika m'mapiri osaodira. Mame amakhala pa udzu mpaka dzuwa litakwera, ndipo manachesi amapsa onse nthawi imodzi. Wochedwa kuthyola amatola owola pansi.

Edina sachedwa. Anakulira m'mitengo ya bambo ake, a Gerishon, mitengo khumi ndi inayi kuseri kwa nyumba. Kukangocha amameza piritsi lake ndi madzi ofunda, n'kubereka Tamanda, mwana wake wa miyezi inayi, ndi zitenje ziwiri chifukwa cha mphepo.

Anadziwa kuti ali ndi kachilombo ka HIV ali woyembekezera, tsiku loyamba la sikelo. Analira njira yonse yobwerera, koma m'mawa mwake anali kudimba, akuthirira mpiru. Mwamuna wake Dalitso amamanga nyumba ku Lisungwi, amabwera mwa apo ndi apo. Choncho a Gerishon, ataimva nkhaniyo, anangopopa njinga, ndipo mpaka lero ndi iwo amene amamukweza popita kukatenga mankhwala.

Tamanda atayezedwa ali ndi masabata asanu ndi limodzi, anapezeka alibe kachilombo. Namwino anamugwira Edina paphewa. "Mankhwala osadumphitsa. Mwanayu bere lokha mpaka miyezi isanu ndi umodzi. Phala ayi, madzi ayi. Matumbo ake ndi anthete, zina zikalowa msanga kachilombo kamapeza polowera." Edina anawasunga mawu amenewo.

Koma pakhomo pa a Gerishon pali mwambo. Khanda lililonse lobadwa pamenepo limafinyiridwa m'kamwa nachesi loyamba la mtengo waukulu, umene anabzala malemu agogo ake a Edina. Edina anafinyiridwa. Alongo ake atatu anafinyiridwa, ndi ana awo omwe. Khanda likakwinya nkhope, pakhomo ponse pamagwa phwete.

Tsiku lothyola mtengo waukuluwo, a Gerishon anatsika pa makwerero atafumbata nachesi lofiira bwino. Analisenda ndi chikhadabo, fungo lake n'kufika mpaka kukhola.

"Tatsitsa mlendoyo, Edina. Lero ndi tsiku lake."

"Ababa, mwaiwala? Kwatsala miyezi iwiri."

"Kadontho kamodzi basi. Kodi nachesi ndi phala?"

"Si phala, koma si bere."

"Aaa, iwe! Miyezi iwiri ikamatha mumtengomu mudzakhala masamba okhaokha. Mdzukulu wanga yekhayu adumphidwe? Adzakula wosadziwa kwawo ameneyu. Adzatigulira malalanje a m'botolo."

Edina anaseka, koma dzanja lake linali litagwira kale mfundo ya chitenje pachifuwa. Sanafune kuwakhumudwitsa bambo ake, munthu amene amakankha njinga pamtunda wonse wa kuchipatala osadandaula. Komanso anakumbukira tsiku lolandira zotsatira za mwanayu, ndipo kuyeza kwina kunali kudakali kutsogolo.

"Ababa," anatero, "kodi ine ndikadya mpiru wowawa, amene amalira m'mimba ndani?"

"Ndi kamfumukazi kali kumsanako."

"Ndiye bweretsani kuno nachesilo. Limupeza kudzera kwa ine."

A Gerishon anayang'ana nachesi, anayang'ana mwana wawo, n'kukanda m'mutu pansi pa chipewa chaubweya.

"Eti? Ndiye kuti iweyo ufinyiridwa kawiri? Alongo ako akamva adzandizenga mlandu."

"Muwauze abereke, ayamwitse, adzalandire nawo."

Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anagwada monga amachitira kwa makanda onse, n'kumulankhula Tamanda amene ankasuzumira paphewa pa mayi ake. "Mayi, landirani za agogo anu. Zadzera njira yaitali, koma zifika." Anapereka nachesilo kwa Edina ndi manja awiri.

Linali lowawasa ndithu, ndipo Edina anakwinya nkhope osafuna.

"Ndi yomweyo! Nkhope yomwe ija ya chaka chimene unabadwa!" anakuwa a Gerishon, akuwomba m'manja.

Edina anadya lonse, nalavulira njere m'dzanja. Anakhala pa dengu lovundikira, msana kumphepo, namasula zitenje. Tamanda anagwira bere la kumanzere, kenako la kumanja, mpaka zala zake zinafumbatuka. Edina anamupukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje, anamubweza kumsana, namanga mfundo.