Atelala a Pageti la Sukulu

Mayi wosoka mayunifolomu, amene aliyense ankangowatchula kuti Atelala, anali ndi kachipinda kuseri kwa sitolo ya zitsulo, moyang'anizana ndi geti la sukulu ya sekondale. Munali makina opalasa ndi phazi, tebulo lodulirapo nsalu ndi kalilole wothyoka pakona. Anasoka m'menemo zaka zoposa makumi awiri.

Mimba za atsikana a pasukulupo ankazidziwa iwo makolo asanadziwe. Mtsikana ankabwera yekha, anzake ali m'kalasi, siketi ataipinda m'chikwama. "Mundikulitsireko m'chiunomu, ndanenepa." Atelala ankamuyeza n'kumuuza kuti adzatenge mawa.

Koma ya mwana wawo yekhayo sanaione. Anamulera okha bambo ake atamwalira, ndipo lamulo pakhomopo linali limodzi: za anyamata ayi. Tsiku lina mwanayo, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, akuwathandiza kusokerera mabatani, anafunsa chamunsimunsi.

"Amayi, kodi n'zoona kuti ulendo woyamba munthu satenga mimba?"

"Mwana wolongosoka safunsa zauve," anamuyankha, n'kupitiriza kupalasa makina.

Patapita miyezi inayi anawaitanitsa kuchipatala. Mwanayo anali atapita kwa munthu wina mobisa kukachotsa mimba, ndipo anataya magazi ambiri. Anapulumuka, koma adokotala anati sadzabereka. Atelala ataima pambali pa bedi, mawu amene anatuluka si amene anali mumtima.

"Wandichititsa manyazi."

Mwanayo anatembenukira kukhoma. Atachira anapita kukakhala kwa azakhali ake kutali, ndipo sanabwererenso. Pano ndi munthu wamkulu, amagwira ntchito pafakitale ya sopo. Amaimba foni kawiri pachaka, kufunsa za bondo la mayi ake ndi za mvula, kenako amatsazika mwaulemu ngati akulankhula ndi mlendo.

Chaka chatha sukulu inaitanitsa makolo kuti akambirane pempho la namwino wina, amene ankafuna kumabwera kudzaphunzitsa ana za kulera. Atelala analibe mwana pasukulupo, koma anatseka kachipinda kawo n'kukakhala pabenchi yakumbuyo. Mkangano unakula. Wapampando wa makolo, bambo wakhalidwe amene anaphunzitsa ana ake onse mpaka kumaliza, anati ukamuonetsa mwana kondomu ndiye kuti wamupatsa chilolezo, ndipo mawu oti kudziletsa ndi okwanira. Namwinoyo anati amene amafika m'manja mwake akukha magazi onse anawamva mawu amenewo.

Atelala anadzuka, chala chidakali ndi kachitsulo kosokera.

"Ine sindinaphunzire kwenikweni. Koma chaka chino chokha ndakulitsa masiketi asanu ndi awiri. Kudziletsako auzeni ndithu, nane wanga ndinkamuuza tsiku ndi tsiku. Chimene ndikupempha n'chakuti akakufunsani, muziwayankha."

Wina anaseka za masiketizo, ena anaweramitsa mitu. Wapampando anati nkhaniyi aisiyire komiti, ndipo mpaka lero komitiyo sinagamule.

Tsiku lotsatira, dzuwa lili paliwombo, Atelala anamuimbira okha foni mwana wawo uja, koyamba pa zaka zambiri.

"Amayi, kwagwanji?"

"Palibe, mwanangu. Ndimangofuna kumva mawu ako."

Kumbali inayo kunkamveka phokoso la makina a m'fakitale. 

"Ndili pantchito pano. Mwadya koma?"

"Ndadya. Udzabwere, ngakhale masiku awiri okha."

"Ndikapeza tchuthi ndiona, amayi."

Sabata yomweyo anatulutsa makatoni a zidutswa za nsalu amene anadzaza chipinda chachiwiri kunyumba kwawo, anakolopa, n'kusoka katani yatsopano ya pawindo. Tchuthicho sichinapezekebe. Loweruka lililonse amatsegula windo la chipindacho kuti mulowe mpweya.