Galu wanga Mlekeni

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinakhala ndi chinthu changachanga koyamba, ndipo chinthucho chinali galu. Nthawi imeneyo tinkakhala pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi ku Ludzi. Bambo anga, a Namakhwa, anali tenanti wochokera ku Phalombe, ndiye pa esitetipo panalibe chathu. Nyumba ya eni, munda wa eni, ngakhale khasu limene bambo ankalimira linali la eni. Kagaluko ndinakatola m'ngalande m'mbali mwa msewu, mvula yoyamba itangogwa, kakunjenjemera, maso atangotsekuka kumene.

Dzina anapereka ndi amayi. Kwathu dzina la galu limakhala mawu amene ukufuna anansi amve koma sungawauze pamaso. Azimayi a pamzere wathu wa nyumba ankawanena amayi kuti ndi onyada, chifukwa akafika pamjigo ankangotunga madzi n'kubwerako osakhala nawo pansi kukamba za anthu. Ndiye amayi anangoti, "Ameneyu ndi Mlekeni." Tsiku lililonse ndikaima pakhomo n'kukuwa kuti "Mlekeni! Mlekeni!" mzere wonse unkalandira uthenga, amayi ali phee m'khitchini, kumangomwetulira.

Anali wamkazi, wamng'ono thupi, wofiirira, wa banga loyera pachifuwa. Khutu limodzi linkaima, lina linkagwa. Miyendo yake inali yoonda ngati mapesi. Ankandiperekeza ku sukulu n'kundidikira pansi pa mtengo wa mango mpaka belu lomaliza, ndipo phala la madeya limene ndinkamuphikira m'chitini ankadya akundiyang'ana, ngati akuopa kuti ndithawa.

Mu Juni, kukuzizira kuja, kunabwera katemera wa chiwewe pabwalo la sukulu. Mlangizi wa ziweto, bambo wamfupi wa magalasi, atamubaya Mlekeni anamukweza mchira n'kuona timadontho ta magazi.

"Miyezi ingati kameneka?"

"Isanu ndi iwiri."

"Kayamba msanga. Kadakali kamwana aka, chiuno sichinakhwime. Akakakwera galu wamkulu, ana adzakanirira pobadwa. Ukakatsekere masabata atatu, wamva? Atatu." Kenaka anayang'ana pamzere wa agalu n'kufunsa, "Nanga chigalu chakuda chija cha pa esiteti panu anachifula?"

Pambuyo panga anthu ankakankhana, agalu akuuwa, ndipo mlangiziyo anali atagwira kale galu wina.

Chigalu chakudacho chinali cha akapitawo athu, amene ankayang'anira matenanti onse. Anachigula ku Chipata, ndipo ankadzitama kuti n'cha mtundu wa agalu a apolisi. Msinkhu wake ngati thole. Dzina lake linali Boma. Sanafulidwe, sanamangidwepo chingwe, ankayenda paliponse, ndipo akalowa m'khitchini mwanu n'kunyambita mphika munkangoyang'ana kumbali.

Ndinamutsekera Mlekeni m'khitchini mwathu, kanyumba ka zidina ka chitseko cha nsungwi. Pofika mawa lake agalu aamuna a esiteti yonse anali atadziwa. Anabwera asanu ndi mmodzi, ena sindinawaonepo chibadwire, kuzungulira khitchini, kukodzera zipupa, kulumana. Boma atafika onse anapatuka. Iye anagona pakhomo penipeni, mutu pamiyendo, ngati mwini nyumba. Masana amenewo anakumba pansi pa chitseko mpaka mphuno yake inalowa.

Ndinauza bambo kuti apite kwa akapitawo. Bambo anali pachigafa, akusankha fodya, ndipo sanadzutse n'komwe mutu.

"Ife ndife obwera, Lameki. Obwera sauza mwini mudzi pomanga galu wake."

Ndinapita ndekha. Ndinawapeza akapitawo atakhala pampando pafupi ndi jeke yodindira mabelo, anyamata awiri akudinda. Ndinagwada monga amayi anandiphunzitsira.

"Akapitawo, ndimati mwina mungamumangeko Boma masabata awiri okha. Alangizi akuti kapena kumufula."

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Iwe ndiwe mwana wa a Namakhwa eti? Unamva kuti, kuti Boma limamangidwa? Boma limamanga, silimangidwa!" Anyamata aja anasiya jeke n'kugwirana m'mapewa ndi phwete. Akapitawo anapukuta misozi ya chiseko n'kuwonjeza, "Zofulazo uyambe ndi atambala a kwanu. Wamkazi ndi wako, samala wekha."

Ndinabwerako makutu akutentha. Kuyambira tsiku limenelo ku sukulu sindinapiteko. Ndinkakhala pakhomo la khitchini ndi legeni komanso mulu wa miyala. Agalu enawo ndinkawalasa mosawerengera. Boma yekha ndinkangomuopseza, mwala kugwera pambali, chifukwa ndinkadziwa mwini wake. Dzenje limene ankakumba ndinkalitseka ndi njerwa, iye n'kukumba pena. M'katimo Mlekeni ankalira, kukanda chitseko, kukana chakudya. Ndikalowa ankandinyambita manja kenaka n'kuthamangira kukhomo. Ndinkamukalipira kuti, "Chitsiru iwe, ndikukusunga!"

Amayi ankaphika movutika, mwendo umodzi utatchinga chitseko, utsi uli tho chifukwa sankatha kutsekula. Anansi anayamba kudandaula za fungo ndi phokoso. Mayi wina wa nyumba yachitatu ankadutsa n'kunena mokweza, "Koma chinkhoswe cha kwa a Namakhwa chachuluka akamwini!"

Pa tsiku lakhumi ndi limodzi, Loweruka m'mawa, bambo analowa m'khitchini n'kuyang'ana pathumba limene Mlekeni ankagonapo. Panalibe dontho.

"Magazi aja asiya," anatero. "Ndiye kuti zatha. Mtulutse, anthu atopa nafe."

"Alangizi anati masabata atatu."

"Alangizi sagona pano. Ine ndaweta mbuzi iwe usanabadwe."

Sindikufuna kuwanamizira bambo. Sanandikakamize. Inenso ndinali nditatopa, matako akuwawa ndi kukhala panjerwa, ndipo m'mawa umenewo Boma sanali pakhomo. Chingwe cha chitseko ndinamasula ndine, ndi manja anga awa. Mlekeni anatuluka ngati muvi, anagubuduka m'fumbi, anandizungulira katatu. Ndinaseka. Bambo anandituma kuti ndinyamule mitolo ya fodya kupita nayo kojeke, ndipo ndinanyamula awiri.

Pobwerera kudzatenga wachitatu ndinamva phokoso la ana kuseri kwa chigafa. Nditakhota ndinapeza anthu atazungulira, ana ndi akulu omwe. Pakati pawo panali Boma ndi Mlekeni atamatirirana, wina kuyang'ana uku wina uko. Boma anali wamtali kwambiri moti miyendo yakumbuyo ya Mlekeni inkangokhudza pansi ndi zikhadabo. Lilime lili panja, ankandiyang'ana.

Ndinakuwa dzina lake. Ndi zokhazo zimene zinabwera pakamwa. "Mlekeni! Mlekeni!"

Anthu anafa nacho chiseko. Mmodzi wa anyamata a kojeke aja anawomba m'manja. "Tamverani ulemu wa mwana wa a Namakhwa! Akupempha Boma! Mlekeni, bwana, chonde mlekeni!" Wina anagwada pansi n'kuyamba kuwombera m'manja galuyo ngati akupepesa kwa mfumu.

Zimene zinandigwira pamenepo zimandigwirabe mpaka lero. Maso amachita mdima m'mbali, m'makutu mumangolira ngati muli njuchi. Ndinasolola mkangala, mtengo uja timapachikapo fodya m'chigafa. Ndinamva mawu a amayi patali akuti, "Lameki, aleke! Amasiyana okha!" Ndinawamva bwinobwino. Ndinamumenya Boma pamsana ndi mphamvu zanga zonse, n'kubwerezanso.

Boma analira n'kuliyatsa liwiro, akumukoka Mlekeni chagada kudutsa m'mizere, pazitsa za fodya wodula kale. Kulira kwa Mlekeni tsiku limenelo sindinakumvenso kwa galu wina aliyense. Anakalekana kumapeto kwa munda. Nditafika ndinamupeza atagona chammbali, kumbuyo kuli magazi okhaokha, ndipo nditatambasula dzanja anandithawa.

Masana omwewo bambo ananditengera kwa akapitawo. Anathyola nthambi ya bulugamu panjira, ndipo anandikwapula pamaso pa akapitawo ndi anyamata awo mpaka nthambiyo inatha. Akapitawo ankangosisita galu wawo. Pobwerera, titafika pafupi ndi nyumba, bambo anati, osandiyang'ana, "Ndikanapanda kukumenya ine, bwenzi pano tikumanga katundu."

Lolemba ndinapita ku sukulu. Aphunzitsi anawerenga masiku amene ndinajomba n'kundipatsa chibalo chozula chitsa. Ndinakumba pang'ono, anzanga akusuzumira pawindo n'kumanong'ona kuti "mlekeni, bwana." Ndinaponya khasu pakhonde la kalasi n'kutuluka pageti. Ndinali sitandade 5, ndipo m'kalasi sindinalowenso.

Bala la Mlekeni linapola, koma ankayenda mopendekera. Kenaka mimba inayamba kuoneka. Inakula mpaka thupi lonse linangokhala mimba, miyendo ija ikunjenjemera pansi pake. Ndinkamupatsa gawo la ndiwo zanga. Ndinkadzinamiza kuti mwina alangizi aja ankangoopseza.

Chakumapeto kwa Ogasiti, tsiku la mphepo ndi fumbi, anakagona paphulusa kuseri kwa khitchini dzuwa litangotuluka. Anavutika m'mawa wonse. Dzuwa lili paliwombo kunaoneka kamutu kakuda, kakakulu, ndipo kanaima pomwepo. Amayi anasamba m'manja, anadzola mafuta ophikira amene anatsala m'kabotolo, anayesa kukoka pang'onopang'ono. Patapita nthawi anakhala pansi n'kupukuta manja pachitenje.

"Mwanawe, ine pano zandikanika."

Ndinabwereka njinga kwa mnansi. Ndinayala thumba m'dengu, ndinamugoneka Mlekeni, ndinamanga dengulo pakaliyala n'kuyamba kupalasa kulowera ku tauni ya Mchinji, kumene kunali ofesi ya ziweto. Njinga inali yaikulu, pachishalo sindinkafika, ndiye ndinkapalasa choimirira. Pa bampu lililonse ndinkamva kubuula kumbuyo kwanga ndipo ndinkayankha, "Tatsala pang'ono, tatsala pang'ono." Ndisanafike pa tala kubuula kuja kunasiya. Ndinadziwa. Ndinapitirizabe kupalasa mtunda ndithu, chifukwa ndinkaona kuti ndikangoima ndiye kuti zachitikadi.

Ndinamukwirira pafupi ndi chulu, m'munda wa munthu amene sindimudziwa. Dzenjelo ndinakumba ndi mtengo komanso manja, nthaka ili gwa. Njinga ndinabwerera nayo chokankha.

Pano ndili ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, ndimapalasa kabaza m'tauni ya Mchinji. Chaka chatha ndinanyamula mayi wina wogwira ntchito ya ziweto, ali ndi kabokosi ka mankhwala pamiyendo, ndipo panjira ndinamufotokozera nkhaniyi ngati kuti inachitikira mnzanga. Anati magazi akasiya m'pamene galu wamkazi amalola, masiku amenewo ndiye otseka chitseko kwambiri. Anatinso akamatirirana sayenera kumenyedwa kapena kukokedwa, amasiyana okha pakapita kanthawi, ndipo kuwalekanitsa mokakamiza kumang'amba m'kati. "Mnzanuyo akanangodikira masiku khumi ena," anatero. Ndinamutsitsa pamene ankapita, ndinapalasa pang'ono, n'kukhala pansi m'mbali mwa msewu.

Masiku khumi. Bambo anamwalira asanadziwe zimenezi, ndipo bola choncho. Boma anakalamba bwinobwino pa esiteti paja, n'kufa ndi ukalamba. Mukapita lero mukaona kuti agalu ambiri a kumeneko ndi akuda, a zifuwa zazikulu.

Anthu amati munthu ukavutika umaphunzira. Chimene ndinaphunzira ine n'chakuti pamalo ngati paja wotsekeredwa amakhala wamng'ono, ndipo ngakhale kutsekako ukakulakwitsa ndi tsiku limodzi palibe amene adzakubwezere. Ndinaphunziranso kuti mkwiyo wangawu umafika nthawi zonse zinthu zitawonongeka kale, n'kuwonjeza pomwepo. Kudziwa ndikudziwa, koma sikunandisinthe. Galu sindinawetenso.

Mwezi wathawu tinakangana pasiteji ndi mnzanga wa kabaza, nkhani yake yolimbirana kasitomala. Mdima uja unabwera m'maso. Ndinamugwira pakhosi, ndinamugwetsera panjinga yake, chibakera chili m'mwamba. Azimayi ogulitsa nthochi anayamba kukuwa kumbuyo kwanga, "Mlekeni! Mlekeni, achimwene!"

Ndinamusiya. Anthu anaganiza kuti ndawamvera. Ine ndinali nditacheuka, ndikuyang'ana pansi m'fumbi, kuti mwina akubwera.