Lumo la Atate

Ndikukumbukira tsiku lachitatu titaika atate, ku Kabwata, m'zaka zija masitolo a ku Cairo Road anali mashelefu okhaokha. Sopo kunalibe, malezala kunalibe. Mawa lake linali tsiku lometa maliro, koma m'nyumba ya munthu amene anameta anthu pansi pa mtengo wa mango zaka zonse munalibe chometera.

Lumo lawo linalipo, lopinda, la chigwiriro chakuda. Linakhala m'chitini chaka chonse chimene anadwala, ndipo linachita dzimbiri n'kubenthuka pang'ono kunsonga. Amalume a Yotamu, mlongo wa amayi, amene ankayendetsa galimoto ya bwana wina ku Kabulonga, analitembenuza m'manja.

"Nizapeleka ku Kamwala pa mashini," anatero. "Mamineti faifi chabe."

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ndinali ndisanayankhepo munthu wamkulu. Koma atate anandionetsapo lumo la mnzawo limene linanoledwa pa gudumu la zikwanje: linapsa mpaka kubiriwira, ndipo silinagwirenso tsitsi. Ndinatsomphola lumolo m'manja mwa amalume.

"Iwe mwaice, leta kuno!" anakuwa amalume, akufuna ndiwabwezere.

"Iyayi, amalume. Mashini alipha."

Khofi linalira pamaso pa azimayi onse a mumpingo. Khutu linachita kulira ngati belu la ku sukulu, koma dzanja sindinatambasule. Amayi anali pamphasa, mawu atatha ndi kulira. Anangoti, "Achimwene, mulekeni. Akalephera mupita nalo."

Ndinakhala kuseri kwa nyumba ndi miyala iwiri ya atate ndi chitini cha madzi. Wofiirira, wokhakhala, anautola ku Luangwa. Wakuda unali wosalala ngati sileti. Ndinagoneka lumo chafulati, msana ndi kukuthwa komwe zikhudze mwala, n'kumalikankha ngati ndikufuna kusenda mwalawo. Pobwerera ndinkalitembenuzira kumsana. Atate ankati mwala sukakamizidwa, umangoperekezedwa. Madzi anada, akununkha chitsulo. Dzuwa linachoka pa denga la aneba athu a Mulenga n'kufika pa chimbudzi chathu, kubenthuka kuja kusanathe. Amalume anadutsa kawiri, akuyang'ana wotchi yawo mokuti ndione.

Pa mwala wakuda phokoso linasintha, kuchoka pa kukhwekhwereza n'kukhala ngati munthu akupuma m'tulo. Ndinamaliza pa lamba wa atate, nditamukoleka pa msomali wa chitseko. Nditayesa pamkono, ubweya unagwa wokha.

M'mawa woyamba kukhala pampando anali amalume omwewo, pakuti ndiwo anali mwini mbumba. Anagwira mpandowo ndi manja awiri pamene a Mulenga ankawameta ndi lumo lija. Atatha, amalume anasisita mutu, nati, "Hm." Sanapepese, inenso sindinapepese. Ndawakhululukira khofi lija, ndipo ndikhulupirira kuti Mulungu anandikhululukira mwano, ngakhale kunena zoona sindinalapepo bwinobwino.

Lero anthu amameta ndi makina a magetsi, ndipo ambiri sametanso maliro. Mkazi wanga atamwalira, ana anga anabwera ndi paketi ya malezala otaya ochokera ku Woodlands, nati, "Adadi, zakale izo." Ndinawathokoza. Kenako ndinatenga chitini cha madzi ndi miyala iwiri ija, n'kupita kuseri kwa nyumba.